Mpando wa mwana m'galimoto: tiutembenuze liti kuti ayang'ane kutsogolo?

Mwana akangoyamba kudziyendera, nkhani ya mpando wake wa m'galimoto imayamba kukambidwa ndi aliyense pakhomo. Ambuye ake akuti, "Amake mwana, mdzukulu wangayu wakula, bwanji mukumuyang'anitsabe kumbuyo?" Atate ake akudandaula kuti mpando wakutsogolo unakankhidwa kwambiri moti mawondo akugunda dashboard. Mwanayo naye miyendo yafika pa chotsamira cha mpando wa galimoto, akuchipondaponda ndi nsapato zafumbi. Makolo ambiri muno mu Lusaka amangodikira kuti mwana akwanitse chaka, keke ikadyedwa, car seat n'kuitembenuza.

Mukafunsafunsa mudzamva mayankho anayi. Ena amati mwana akafika makilogalamu 9, ena amati miyezi 15, ena zaka 2, ndipo ena amati musautembenuze mpaka mwana afike malire amene analembedwa pa mpandowo, zomwe kwa ana ambiri zimatanthauza zaka 4. Palibe yankho limene linangopekedwa, lililonse lili ndi kumene linachokera. Koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, ndipo kuti tiziyerekeze bwino tiyenera kuyamba taona chimene chimachitikira thupi la mwana galimoto ikagunda.

Nkhani yonse yagona pa khosi

Galimoto ikawombana ndi chinthu kutsogolo imaima mwadzidzidzi, koma zonse zimene zili mkati mwake zimapitiriza ulendo. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, lomwe ambirife timayenda nalo pa Great East Road msewu ukangotseguka pang'ono, kugundako n'kofanana ndi kugwa kuchokera pamalo otalika mamita 10. Mwana woyang'ana kutsogolo, malamba amamugwira m'mapewa ndi m'chiuno, thupi n'kuima. Mutu ulibe chougwira. Umaponyedwa kutsogolo, ndipo chimene chimaukoka kuti ubwerere ndi khosi lokha.

Kwa munthu wamkulu mutu umalemera pafupifupi magawo 6 pa magawo 100 a thupi lonse. Kwa mwana wa miyezi 9 umafika pafupifupi magawo 25. Mutu waukulu chonchi wakhala pa khosi limene mafupa ake sanakhwime: mbali zina zikadali chicherewecherewe, ndipo zimatenga zaka zingapo kuti zilumikizane n'kukhala fupa lolimba. Mafupa ofewawa ndi minofu yowamanga zimatha kutamuka, koma mtsempha waukulu wodutsa mkati mwa msana sutamuka chimodzimodzi. Ukakokedwa mopitirira, zotsatira zake ndi kufa ziwalo kapena imfa, ngakhale kunja kwa thupi kulibe bala.

Mayi aliyense wobereka mwana amachidziwa chinthu ichi popanda womuphunzitsa. Mwana akagona kumbuyo mutu n'kuyamba kulendewera, mayi amawerama, n'kukweza chitenge mpaka kunkhongo kuti mutu, khosi ndi msana zigwidwe pamodzi. Mpando woyang'ana kumbuyo umagwira ntchito yomweyo pa ngozi. Mwana amakankhidwira mkati mwa mpando, msana wonse ndi mutu n'kutsamira nthawi imodzi, mphamvu ya kugundako n'kumwazikira pamalo aakulu m'malo mothera pa khosi.

Nzeru imeneyi inayambira ku Sweden m'zaka za m'ma 1960. Pulofesa Bertil Aldman anaona mmene anthu opita kuthambo ankagonera chagada m'chombo kuti msana wonse ulandire mphamvu ya liwiro, ndipo anaganiza zoti mwana m'galimoto azikhala motsamira kumene mphamvu ikuchokera. Mu 1972 kampani ya Volvo inayamba kugulitsa mpando wa ana woyang'ana kumbuyo. Mpaka lero mabanja ambiri kumeneko satembenuza mwana asanafike zaka 4.

Pa makilogalamu 9

Yankho limeneli limachokera pa stika. Tembenuzani mpando wa mwana wanu, mudzapeza kastika kamtundu wa lalanje kokhala ndi chilembo E mkati mwa kabwalo. Pa mipando yambiri imene mungaione m'masitolo ndi pa salaula palembedwa R44/04, lamulo lakale la ku Ulaya logawa mipando motsata kulemera kwa mwana: gulu 0+ mpaka makilogalamu 13, gulu 1 kuyambira 9 mpaka 18, n'kumapitirira mpaka 36. Lamulolo linkalola kuti mwana wa makilogalamu 9 ayang'ane kutsogolo.

Vuto lake n'lakuti sikelo siyeza khosi. Ana ambiri amafika makilogalamu 9 ali ndi miyezi pakati pa 9 ndi 12, ndipo mwana wonenepa woyamwa bwino akhoza kufika pamenepo ali ndi miyezi 6 kapena 7, asanayambe n'kukwawa komwe. Kunenepa sikukhwimitsa mafupa. Nambala 9 ija inali malire apansi penipeni amene wopanga mpando ankaloledwa kulemba, sanali malangizo a madokotala. Mayiko a European Union analetsa kugulitsa mipando yatsopano ya R44 kuyambira mu September 2024. Njira yotembenuza mwana pa makilogalamu 9 iyi ine sindingailangize kwa aliyense, ndipo zifukwa zinzake monga "wayamba kukhala yekha" kapena "wayamba kuyenda" n'zofooka chimodzimodzi. Minofu ya miyendo ndi mafupa a m'khosi sizikulira limodzi.

Pa miyezi 15

Lamulo latsopano, R129, limene ambiri amalitcha i-Size, linayamba mu 2013. Limayeza mwana ndi kutalika m'malo mwa kulemera, limafuna kuti mpando uyesedwenso pa kugundidwa m'mbali, ndipo limaletsa kutembenuza mwana asanapitirire miyezi 15 komanso asanafike masentimita 76. N'labwino kuposa lakale lija. Komabe miyezi 15 nayonso ndi malire apansi, pamene lamulo limangosiya kukuletsani. Ine ndimaiona ngati mzere woti musautsike zivute zitani, osati tsiku loti muziliyembekezera.

Pa zaka 2

Apa m'pamene pali nkhani yofunika kuimva bwino, chifukwa "zaka ziwiri" ndi yankho limene limafala kwambiri m'magulu a amayi a pa WhatsApp ndi pa Facebook. Linachokera ku American Academy of Pediatrics, bungwe la madokotala a ana ku America, lomwe mu 2011 linalangiza kuti ana aziyang'ana kumbuyo mpaka zaka 2. Langizolo linadalira kwambiri kafukufuku wa mu 2007 amene ananena kuti mwana wa chaka chimodzi woyang'ana kumbuyo ndi wotetezeka kasanu kuposa mnzake woyang'ana kutsogolo. Patatha zaka pafupifupi 10, akatswiri anawerengetsanso manambala aja n'kupeza kuti panali zolakwika. Ana ovulala ali m'mipando anali ochepa kwambiri moti sizikanatheka kutulutsapo nambala yotsimikizika ngati imeneyo.

Wina akamva zimenezi akhoza kuganiza kuti ndiye kuti kuyang'ana kumbuyo kulibe phindu. Madokotala aja sanaone choncho. Mu 2018 anachotsa nambala ya zaka 2 ija, n'kulangiza kuti mwana aziyang'ana kumbuyo kwa nthawi yaitali mmene zingathekere, mpaka afike kulemera kapena kutalika kumene wopanga mpando walola. Chimene chinagwa ndi nambala ya "kasanu" yokha. Mmene thupi la mwana linapangidwira, zotsatira za kuyesa ndi zidole pogundanitsa magalimoto, ndiponso zimene a ku Sweden aona kwa zaka zambiri, zonse zikulozabe mbali imodzi. Choncho mukamva wina akuti n'kotetezeka kasanu, dziwani kuti nambalayo inasiyidwa, ndipo mukamva wina akuti pa zaka 2 mwana wakhwima, dziwani kuti eni ake a langizolo analisintha okha.

Kodi kutembenuza pa zaka 2 n'kulakwa? Ayi, sindinganene choncho. Banja limene lafikitsa mwana zaka 2 akuyang'ana kumbuyo lamudutsitsa pa nyengo imene khosi limakhala lofooka kwambiri, ndipo ngati mpando umene ali nawo wathera pomwepo, achita bwino. Chimene ndikukana n'chakuti tsiku lobadwa lisanduke belu. Palibe chimene chimasintha m'khosi la mwana usiku woti mawa akwanitsa zaka 2. Ngati mpando ukadali ndi malo, palibe chifukwa chosiyira chitetezo chimene munalipira kale.

Mpaka malire a mpando

Iyi ndiyo njira imene ndikuiima kumbuyo. Imafuna zinthu ziwiri zimene muli nazo kale m'nyumba: khadi la kusikelo ndi stika ya pa mpando. Khadi likuuzani kulemera kwa mwana, tepi ya telala ikuuzani kutalika kwake, stika ndi kabuku ka malangizo zikuuzani pamene mpando umalekezera. Chachitatu n'choona ndi maso: mutu wa mwana usatulukire pamwamba pa mpando. Opanga mipando ambiri amafuna kuti pakati pa nsonga ya mutu ndi nsonga ya mpando patsale masentimita 2.5, pafupifupi zala ziwiri zopingasa. Chilichonse mwa zitatuzi chikayamba kufika, mpandowo watha ntchito yoyang'ana kumbuyo.

Mwana wa msinkhu wapakati amafika makilogalamu 13 ali ndi zaka 2 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo amafika makilogalamu 18 ndi masentimita 105 ali ndi zaka 4 kapena kuposerapo. Apa m'pamene zimaonekera kuti tsiku lotembenuza mwana silisankhidwa pa tsikulo. Limasankhidwa m'sitolo, nthawi imene mukugula mpando wachiwiri.

Mpando woyamba uja wokhala ndi chogwirira, womwe munatulukira nawo kuchipatala, ana ambiri amaukulira ndi mutu asanafike n'komwe makilogalamu 13, kawirikawiri chaka chikangotha. Pamenepo pali mitundu ingapo patsogolo panu. Wotchipa kwambiri ndi woyang'ana kutsogolo kokha, wolembedwa 9–18 kg kapena 9–36 kg. Wogulitsa adzakuuzani kuti uwu ndiye wabwino chifukwa mwana adzakula nawo mpaka kusukulu. Mukaugula mwana ali ndi chaka chimodzi, mwasankha kale njira ya makilogalamu 9 ija mosadziwa.

Wachiwiri ndi wotembenuzika, ndipo apa pali msampha umene umakola anthu ambiri. Pa katoni palembedwa 0–18 kg, kapena 0–25 kg, kapenanso 0–36 kg ndi zilembo zikuluzikulu. Manambalawa akunena za moyo wonse wa mpandowo, sakunena za kuyang'ana kumbuyo. Werengani tizilembo tating'ono m'mbali mwake. Mipando yambiri yotereyi imalola kuyang'ana kumbuyo mpaka makilogalamu 13 okha, ina 10. Ilipo ina, monga Joie Stages, imene imalola mpaka 18. Poiyang'ana pa shelefu imafanana, koma umodzi ukupatsani zaka 2 pamene unzake ukupatsani zaka 4. Funso lofunsa m'sitolo ndi limodzi: "Kuyang'ana kumbuyo mpaka makilogalamu angati?" Wogulitsa akayankha, mupempheni akusonyezeni pamene zalembedwa.

Palinso mipando ya ku Sweden, monga Axkid Minikid, yofika makilogalamu 25 mwana akuyang'anabe kumbuyo. Yambiri mwa iyo inapambana Plus Test, mayeso a kumeneko amene anayamba mu 2009, oyeza mphamvu imene imafika pa khosi la chidole. Ndi mipando yabwino kwambiri, koma ndi yodula, imafuna kuitanitsa kunja, ndipo imadya malo. Kwa banja wamba la ku Chilenje kapena ku Chelstone, mpando wofika makilogalamu 18 ndiwo ndimauona kuti ukugwirizana ndi thumba komanso ndi galimoto zimene timayendera. Wa 25 ndi wa mwana wamkulu thupi amene wadzaza wa 18 asanakwanitse zaka 3.

Za salaula

Tonse timagula salaula, ndipo pa zovala za ana palibe chodandaula. Mpando wa m'galimoto ndi wosiyana chifukwa chilema chake sichioneka. Mpando umene unakhalapo pa ngozi ukhoza kukhala ndi ming'alu mkati mwa pulasitiki pamene nsalu yake ikuwala. Mukatenga wa kwa achemwali anu kapena kwa mnzanu wa kutchalitchi, mumadziwa mbiri yake. Mukagula pamsika, mbiriyo palibe angakuuzeni.

Ngati salaula ndiyo mungakwanitse, vulani nsalu yonse muone pulasitiki ndi thovu loyera la mkati. Funani tsiku limene unapangidwa, lomwe limadindidwa pansi kapena kumbuyo. Opanga ambiri amapatsa mpando zaka pakati pa 6 ndi 10, ndipo dzuwa lathu la October silichitira chifundo pulasitiki. Kokani malamba muone ngati sanathetheke, tsekani ndi kutsekula chomangira kangapo mumve ngati chikulira bwino. Stika ikakhala R44/01 kapena R44/02, usiyeni, ndi wakalekale. Kabuku ka malangizo kakasowa, lembani dzina la mpandowo pa intaneti, ambiri amapezeka. Mipando yochokera ku America imalemba kulemera mu lb: 40 lb ndi makilogalamu 18, ndipo yambiri ya kumeneko imalola kuyang'ana kumbuyo mpaka pamenepo kapena kupitirira.

Ndinene poyera chinthu china kuti nkhani yonseyi isafooketse munthu. Kusiyana kwa mpando woyang'ana kumbuyo ndi woyang'ana kutsogolo n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mpando uliwonse ndi miyendo ya amayi. M'mawa uliwonse pa Kafue Road mumaona ana ataimirira pakati pa mipando yakutsogolo, ena atafukatidwa kutsogolo kwenikweni. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, NHTSA, limati mpando womangidwa bwino umachepetsa imfa ndi magawo 71 pa 100 kwa makanda ndi 54 pa 100 kwa ana a chaka chimodzi mpaka zinayi. Palibe mikono imene ingagwire mwana galimoto ikagunda, ngakhale ya mayi womukonda chotani. Ngati muli ndi mpando woyang'ana kutsogolo wokha ndipo ndalama ya wina palibe, mangani mwana mmenemo ulendo uliwonse, ngakhale wongopita kukagula buledi. Ndipo ngati mumayendera Yango, mpando womanga ndi lamba wa galimoto ndi umene ungakuthandizeni, chifukwa umalowa m'galimoto zambiri.

Nanga m'ka Vitz mukwana?

Galimoto zambiri za mabanja muno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan: Vitz, Fit, Allion, Spacio, Noah. Dandaulo la malo ndi loona, makamaka m'zing'onozing'onozi. Koma anthu ambiri amasiya mpando uli chogona ngati mmene unalili mwana ali wakhanda. Khanda limafuna kugona kwambiri kuti mutu usagwere pachifuwa n'kutseka mpweya. Mwana wa chaka ndi theka amadzigwira mutu, ndipo mipando yambiri imalola kuudzutsa pang'ono. Mukatero mpando wakutsogolo umabwerera m'mbuyo ndithu. Kabuku kadzakuuzani pamene mungalekezere. Uikeni kumbuyo kwa mpando wa wokwera, kumanzere, kumenenso ndi mbali yotalikirana ndi magalimoto odutsa pamene mukutsitsa mwana m'mbali mwa msewu.

Lowetsani zala pakati pa chokhalira ndi chotsamira cha mpando wakumbuyo. Mukakhudza tizitsulo tiwiri, galimoto yanu ili ndi ISOFIX, pokolapo mpando wa mwana popanda lamba wa galimoto. Ku Japan analamula kuti magalimoto atsopano azikhala nato kuyambira mu July 2012, ndipo ena akale anali nato kale. ISOFIX imachepetsa kulakwitsa pomanga, koma mpando womangidwa bwino ndi lamba wa galimoto umatetezanso mokwanira. Pa mipando ya R44, njira ya lamba imasonyezedwa ndi mitundu: yabuluu ndi ya kuyang'ana kumbuyo, yofiira ndi ya kutsogolo. Magalimoto ambiri akale ali ndi lamba wa m'chiuno yekha pa mpando wapakati, pamene mipando yambiri ya ku Ulaya imafuna lamba wodutsanso paphewa, choncho pakati sipangakhale poyenera. Ena lamba wake ndi wamfupi moti sazungulira mpando woyang'ana kumbuyo. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha wogulitsa kuti mukauyese m'galimoto musanalipire.

Chimodzi chokha chilibe kukambirana. Mpando woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo pamene pali airbag yogwira ntchito. Ikaphulika imamenya mpando pomwe pali mutu wa mwana. Amene muli ndi vani ya mipando yakutsogolo yokha, onetsetsani kuti airbag ya wokwera yazimitsidwa, apo ayi mwana asakwere mmenemo ndi mpando wotere.

Miyendo, kulira ndi kutentha

Dandaulo la miyendo ndi limene limatembenuzitsa ana ambiri nthawi isanakwane. Ife akuluakulu tikaona mawondo opindika timamva kuwawa m'malo mwa mwana. Koma taonani mmene mwana wa zaka 2 amakhalira pamphasa akamasewera: miyendo yopinda, yopingasa, nthawi zina phazi lili kukamwa. Mu mpando amachita chimodzimodzi, kapena amaitambasula pa chotsamira. Kuthyoka miyendo kwa ana oyang'ana kumbuyo sikuchitikachitika, ndipo mwendo ukathyoka amaumanga n'kupola, zimene sitinganene za mtsempha wa msana. Fumbi la nsapato lili ndi mankhwala ake: muvuleni nsapato, kapena yalani chitenge chakale pa chotsamira.

Ena amafunsa za kugundidwa kumbuyo, poti pa marobots a pa Lumumba Road minibasi imatha kukugundani mutaima. Zoterezi zimachitikadi kawirikawiri, koma nthawi zambiri liwiro limakhala lochepa, kapena magalimoto onse awiri amakhala akulowera kumodzi. Ngozi zimene zimapha kwambiri ndi zowombana kutsogolo ndi za m'mbali.

Kulira nako kumatopetsa, makamaka mukakhala nokha ndi mwana pa mzere wa magalimoto a madzulo. Musanaganize kuti akulirira kuyang'ana kutsogolo, fufuzani zina. Mpando ukadzutsidwa pang'ono mwana amaona kunja kudzera pa windo la m'mbali ndi lakumbuyo. Kagalasi komangirira pa chotsamira mutu kamathandiza kuti muzionana. Nthawi yotentha chitsulo cha chomangira chimaotcha, ndipo mpweya wozizira wa kutsogolo sufika msanga kwa mwana. Phimbani mpando ndi nsalu yowala mukaimika galimoto padzuwa, tsekulani zitseko kwa kanthawi musanamulowetse, lozetsani mpweya kudenga kuti utsikire kumbuyo. Ndipo popeza mwana woyang'ana kumbuyo akagona saoneka, ikani chikwama kapena foni yanu pansi pafupi naye kuti musatsike osatsekula chitseko chakumbuyo. Galimoto yotseka padzuwa imapha mwana m'kanthawi kochepa.

Ulendo wa kumudzi ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, tsiku lathunthu ndi mwana wamng'ono, ndipo makolo ena amatembenuza mpando "pa ulendo uno wokha" kuti mwana aziona njira asavute. Ulendo umenewu ndiwo wofunika kwambiri kuti ayang'ane kumbuyo. M'tauni mumakwawa pa mzere. Mukadutsa Chongwe liwiro limakwera, msewu ndi umodzi wa opita ndi obwera, pali mathiraki ndi mabasi, ndipo m'mapiri a Manenekera musanafike pa mlatho wa Luangwa muli makona osaona kutsogolo. Kuwombana maso ndi maso pa liwiro lalikulu n'kumene mpando woyang'ana kumbuyo unapangidwira. Chothetsera kutopa kwa mwana ndi kuima. Pa maola awiri alionse mutulutseni, pa Luangwa, pa Nyimba pogula nthochi, pa Petauke, pa Katete, athamangethamange. Munthu wamkulu mmodzi akhale naye kumbuyo, atamanganso lamba wake, chifukwa wamkulu wosamanga amaponyedwa n'kuphwanya mwana yemweyo. Akafuna kuyamwa, imikani galimoto.

Tsiku lotembenuza likafika

Mwana akapitirira malire a mpando, musamuumirize kuyang'ana kumbuyo mmenemo. Mpando wa makilogalamu 13 wonyamula mwana wa 15 sunayesedwe pa katundu wotero. Pamenepo mwina mugule wokulirapo, ngati mwana sanafike zaka 2 ndipo thumba likulola, kapena muutembenuze.

Mukautembenuza, pali zinthu zimene zimasintha. Malamba a m'mapewa, amene poyang'ana kumbuyo amatulukira molingana ndi phewa kapena m'munsi pang'ono, tsopano atulukire molingana ndi phewa kapena pamwamba pang'ono. Lamba wa galimoto adutse njira yofiira, osati yabuluu ija munaizolowera. Ngati mpando uli ndi lamba wapamwamba wokhala ndi ngowe, amene amamutcha top tether, funani pomukola kumbuyo kwa mpando wa galimoto, pansi m'buti kapena pa shelefu ya kumbuyo, pamene pali chizindikiro cha nangula. Anthu ambiri amamusiya akulendewera, chonsecho ndi amene amachepetsa mtunda umene mutu umaponyedwa. Musamukole pa tizitsulo tomangira katundu. Mpando wokhala ndi mwendo wotsamira pansi, mwendowo uponde pansi polimba, osati pa chivundikiro cha kabokosi kosungiramo zinthu.

Mukamaliza kumanga, gwirani mpando pamene padutsa lamba n'kuugwedeza. Usasunthe kupitirira masentimita 2.5. Kankhirani mpando wakutsogolo patsogolo kuti mutu ndi miyendo ya mwana zisakafikepo. Mwana akakhala, kokani malamba mpaka mutalephera kutsina lamba ndi zala paphewa pake. M'miyezi yozizira ya June ndi July muvuleni jekete lokhuthala musanamumange, chifukwa limaphwa pa ngozi malamba n'kukhala okhwepa. Mufunditseni bulangete pamwamba pa malamba. Akhalebe m'malamba a mpando wakewo mpaka nawonso afike malire ake, kawirikawiri makilogalamu 18 kapena masentimita 105, musanamusamutsire pa booster, mpando womukweza kuti azimangidwa ndi lamba wa galimoto.